Ng'anjo za Mumlengalenga ndi Zolembedwa Zimene Zinatsala

Mu Okutobala 1969, Valeri Kubasov anayatsa makina owotcherera zitsulo otchedwa Vulkan m'chombo cha Soyuz 6. Funso lake linali lapafupi: kodi chitsulo chosungunuka chimatani ngati palibe chochikokera pansi? Pano padziko, madzi a mumphika akatentha amakwera, ozizira n'kutsika, ndipo matope amadikha pansi pa ndowa. M'chombo chozungulira dziko zonsezi zimaleka, n'chifukwa chake akatswiri ankalota zitsulo zosakanikirana bwino ndi makristalo opanda chilema. Ng'anjo zinakwera pa Skylab mu 1973, zina pa Spacelab 1 mu 1983.

Otsutsa amati ndalama zinangolowa m'madzi, ndipo sakunama kotheratu. Mafakitale akumwamba amene ankalonjezedwa sanaoneke. Chimene chinafika pamsika mu 1985 ndi timipira tapulasitiki tosaoneka bwino ndi maso, topangidwa pa Space Shuttle, tomwe ntchito yake n'kuwongolera zida zoyezera. Koma kuweruza ndi malonda okha n'kuyang'ana kolakwika. Pa Spacelab 1, silikoni wosungunulidwa anatulukabe ndi mizeremizere mkati, umboni woti china chake chinkamutakasa ngakhale kulemera kunalibe. Chotakasacho ndi kukokana kwa pamwamba pa madzi pakati pa mbali yotentha ndi yozizira, kumene Carlo Marangoni anakufotokoza m'zaka za m'ma 1800. Padziko kukokanaku kumabisala kuseri kwa kulemera; kumwamba kunaonekera poyera, ndipo okuza makristalo pansi pano anaphunzirapo. Phindu lenileni linali chidziwitso, ndipo chidziwitso chopanda pochisunga sichichedwa kutayika.

Vuto linali pomwepo. Zotsatira zinamwazikana m'malipoti a m'Chirasha, m'Chijeremani ndi m'Chingelezi, ndipo zoyesa zolephereka, monga ng'anjo yozima msanga kapena thovu lolowa posayenera, sizinkalembedwa mokwanira. Ku Marshall Space Flight Center, mu Huntsville, NASA inasonkhanitsa mbiri ya zoyesazi m'nkhokwe ya MICREX. Bungwe la ESA linakhazikitsa Erasmus Experiment Archive, ndipo Physical Sciences Informatics ya NASA imaika pa intaneti manambala ochokera ku International Space Station. Wina angati kusunga zolephera n'kudzaza nkhokwe ndi mankhusu. Komatu roketi ya TEXUS, youluka kuchokera ku Kiruna m'dziko la Sweden, imapereka mphindi pafupifupi 6 zokha zopanda kulemera, nsanja yogwetsera zinthu ya ku Bremen masekondi osakwana 10. Wofufuza amene sanawerenge za thovu limene linasokoneza mnzake adzathera mphindi zake 6 pa thovu lomwelo.