Timiyala tamoyo ta ku Namaqualand: kusakidwa kwake sikudayambe ndi Covid-19

Anthu ambiri amati kuzula zomera za m'chipululu cha South Africa kudabwera ndi Covid-19, pamene otsekeredwa m'nyumba adayamba kukonda maluwa a m'timiphika. Mliriwo udakulitsadi msika, koma osaka zomerazi adayamba kuyenda m'mapiri a Namaqualand zaka zoposa 300 zapitazo.

Zomera zake ndi zija zosunga madzi m'masamba kapena m'tsinde, za gulu limodzi ndi nkhadze ndi aloe vera. Kwawo kwenikweni ndi Succulent Karoo, dera louma loyambira kumwera kwa Namibia kutsikira ku Northern Cape ndi Western Cape. Kuli mitundu ya zomera yoposa 6,000, ndipo pafupifupi 40 pa 100 iliyonse simera kwina kulikonse padziko lapansi.

Eni dera, a Nama ndi a San, adazidziwa kalekale. A San ankaboola nthambi za mtengo wa kokerboom n'kupanga phodo losungiramo mivi. Zina mwa zolembedwa zakale kwambiri ndi za mu 1685, pamene Simon van der Stel, mtsogoleri wa Adatchi ku Cape, adapita ku Namaqualand kukafufuza mkuwa, ndipo wojambula wa paulendowo adajambulanso zomera. Mu 1772, munda wa Kew ku England udatumiza Francis Masson ku Cape kuti akatolere zomera zamoyo ndi mbewu. Mu 1811, William Burchell adatola kamwala pafupi ndi Prieska, n'kudabwa kuona kuti kali ndi mizu. Kameneka ndi komwe katswiri wa zomera N.E. Brown adakaika m'gulu la Lithops mu 1922, chaka chomwe adatchulanso gulu la Conophytum, tizomera tina tochepa ngati nzama.

Kwa zaka zambiri osaka adali ochepa: akatswiri a zomera ndi okonda kusunga zachilendo, oyenda ndi kabuku ndi kamera. Pangano la CITES loyang'anira malonda a nyama ndi zomera lidayamba kugwira ntchito mu 1975, ndipo mu 2007 UNESCO idaika Richtersveld, dera la ku Namaqualand, pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse. Komabe chilichonse chimene ofufuza adalemba, dzina la phiri, mtundu wa miyala, mwezi wa maluwa, chidali kusonkhana pang'onopang'ono. Intaneti ndi foni zosonyeza malo enieni zitafika, chidziwitsocho chidasanduka mapu a akuba.

Mlandu umodzi ukuonetsa momwe zinthu zidasinthira mliri usanabwere. Mu 2018, bambo wina wa ku South Korea ndi anzake adazula zomera za Dudleya zoposa 3,700 m'malo otetezedwa a kumpoto kwa California. Mlandu uli mkati, mu 2019, adathawira ku Mexico n'kukwera ndege. Chaka chomwecho adagwidwa ku South Africa pamodzi ndi mnzake, ali ndi Conophytum zoposa 60,000, zina mwa izo zitakhala pathanthwe zaka mazana. Khoti lidawalipiritsa mamiliyoni a marandi. Mu 2020 bamboyo adabwezedwa ku America, ndipo mu Januwale 2022 adalamulidwa kukhala m'ndende zaka ziwiri.

Malire a mayiko atatsekedwa mu 2020, ogula sadafunikirenso kubwera okha. Adayamba kutumiza zithunzi ndi malo pafoni kwa anthu a m'derali, komwe migodi yambiri idatsekedwa ndipo ntchito n'zosowa. Wozula amalandira zochepa, ndipo ndi iye amene amakumana ndi apolisi pamsewu. Wogula ku Asia, ku Ulaya kapena ku America amangolandira katoni. Bungwe la TRAFFIC, lofufuza malonda a nyama ndi zomera zakuthengo, lidapeza kuti pakati pa 2019 ndi Meyi 2024 boma la South Africa lidalanda zomera zoposa 1.6 miliyoni za mitundu yoposa 650.

Chopweteka n'choti mitundu ina ya Conophytum imamera paphiri limodzi lokha, moti anthu ochepa okhala ndi matumba angathe kuufafaniza mtundu wonse. Zolandidwa nazonso n'zovuta kuzibwezera kuthengo, chifukwa nthawi zambiri sikudziwika komwe zidazulidwa, ndipo zimangodzaza m'minda yosungiramo zomera. South Africa idakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi vutoli mu 2022, ndipo mu 2023 Conophytum zidalowa pamndandanda wachitatu wa CITES.

Chimene chidalakwika n'chakuti dziko lidaphunzira mtengo wa zomerazi anthu okhala nazo pafupi asanapatsidwe njira yopindula nazo zili m'nthaka. Zambiri mwa izo zimamera bwino kuchokera ku mbewu m'nazale. Anthu a ku Namaqualand atathandizidwa kukhala alimi ndi ogulitsa ovomerezeka, ndipo wogula aliyense atazolowera kufunsa komwe chomera chachokera, kuzula kuthengo kungasiye kukhala ndi phindu.