Nyumba ya bwana ndi nyumba ya ku komboni m'mafamu a ku Mashonaland

Anthu ambiri amakhulupirira kuti ukakhoma malata atsopano, kuzira simenti pansi ndi kukokera madzi m'nyumba, mtengo wa nyumbayo wakwera, ndipo boma likadutsitsa msewu wa tala pafupi ndiye kuti chuma chakupeza uli khale. Chikhulupiriro ichi si chabodza, koma n'choperewera. Mbiri ya mafamu akuluakulu a ku Mashonaland m'dziko la Zimbabwe, kumene Amalawi zikwizikwi anakalambira akuumba njerwa ndi kuwotcha fodya, ikusonyeza kuti kukonza nyumba ndi kutukula dera kumapindulira munthu yekhayo amene lamulo likumulola kukhala pamalopo mosaopa, kuwagulitsa, ndi kuwapereka ku banki ngati chikole. Njerwa ndi msewu zimabwera pambuyo. Choyamba ndi funso lakuti lamulo likuti malowo ndi a yani.

Pamene gulu la azungu la kampani ya Cecil Rhodes, British South Africa Company, linafika ku Mashonaland mu 1890, aliyense analonjezedwa famu ya maekala 3,000. Ambiri a iwo maso anali pa golide, moti mapepala a malo ankawagulitsa motchipa kwa makampani amene ankangowasunga kudikira tsiku labwino. Tsikulo linabwera ndi njanji. Njanji yochokera ku Beira inafika ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, mu 1899, ndipo pofika 1913 ina inali itadutsa m'chigwa cha Mazowe mpaka ku Shamva. Mu 1912 kunakhazikitsidwa banki yobwereketsa ndalama alimi achizungu, ndipo mu 1920 damu la Mazowe linatha kumangidwa n'kuyamba kuthirira minda ya malalanje. Palibe angakane kuti izi zinakweza mtengo wa mafamu oyandikana nazo. Koma tiyang'ane chimene chinatsatira. Lamulo logawa malo la 1930 linapatsa azungu, amene anali pafupifupi 50,000, gawo loyandikira theka la dziko lonse, ndipo mbali yaikulu ya nthaka yachonde yotsata njanji inagwera m'gawo lawolo. Mu 1931 kunabweranso lamulo loyendetsa malonda a chimanga, limene linateteza mlimi wachizungu ku mpikisano wa alimi achikuda. Mshona amene makolo ake anagona m'mapiri a ku Mazowe ankaiona sitima ikudutsa, koma sakanagula ngakhale ekala imodzi m'mbali mwa njanjiyo.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, makampani a fodya a ku Britain anayamba kugula fodya wa fuluu wochuluka wa ku Rhodesia, kumene lero ndi Zimbabwe, ndipo ndalama zinasefukira ku Umvukwes, kumene lero ndi Mvurwi, ku Trelawney, ku Banket, ku Marandellas ndi ku Karoi, kumene boma linakhazika asilikali achizungu ochokera kunkhondo litasamutsa eni nthaka. Nthawi imeneyi ndi imene inamanga famu ya ku Mashonaland monga anthu amaikumbukira: mizere ya mabalani ataliatali a njerwa, shedi yosankhiramo fodya, damu kumunsi kwa dambo, ndi nyumba ya bwana ya khonde lalikulu pamtunda, yozunguliridwa ndi mitengo ya jakaranda. Wogula famu yotere ankawerenga kaye mabalani, madzi ndi mtunda wokafika ku siteshoni, chifukwa izi n'zimene zinkabweza ngongole. Nyumba yokongola inkamukopa mtima, koma chipinda chowonjezera kapena dziwe losambiramo sichinkabereka belo ya fodya ngakhale imodzi. Ngakhale pakati pa eni mapepala, kukonza kwina kunkabweza ndalama, kwina kunkangosangalatsa mwini wake.

Tsopano titsike kumunsi kwa famu yomweyo, ku komboni. Mashona ambiri ankazemba ntchito ya pa famu chifukwa malipiro anali ochepa ndipo anali ndi minda yawo, choncho alimi achizungu anadalira anthu ochokera ku Nyasaland, Mozambique ndi Northern Rhodesia. Ena anayenda pansi kudutsa ku Tete n'kuwoloka Zambezi, ena anakwera malole a Ulere, ena analembedwa ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi. Ambiri sanabwerere, anasanduka machona, anakwatira komweko, nabzala mango ndi kuvina Gule Wamkulu m'makomboni. Manja awo ndi amene anaumba njerwa za mabalani, kukumba madamu ndi kukweza zipupa za nyumba ya bwana. Nyumba zawo zinali za mitengo, dothi ndi udzu. Munthu ankatha kuizira bwino, kuikira chitseko chathabwa, kumanga khitchini ndi nkhokwe, koma akakangana ndi kapitawo kapena mphamvu zikamuthera, ankanyamula mphasa n'kusiya zonsezo. Njanji imene inalemeretsa nyumba ya pamtunda inkadutsa pafupi ndi komboni chimodzimodzi, damu linali lomwelo, koma nyumba yake inalibe mtengo popeza sakanaigulitsa kwa wina aliyense. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990 alimi ena anamangira antchito nyumba za njerwa, zimbudzi, mijigo ndi sukulu. Izi zinachepetsa mavuto a mabanja ambiri, ndipo n'zoyenera kuzinena. Koma m'mabuku a banki zonsezo zinkawerengedwa ngati chuma cha famu.

Chimene chinaoneka ku komboni kwa zaka zambiri chinadzaonekanso pamtunda mu 2000. Pangano la Lancaster House la 1979 linali litateteza mapepala a malo, moti ufulu utabwera mu 1980 mafamu anapitiriza kugulidwa ndi kugulitsidwa, mabanki akukongoza ndalama zomangira madamu ndi kukokera magetsi. Boma la Robert Mugabe litagonja pa riferendamu ya malamulo mu February 2000, omenya nkhondo yaufulu ndi anthu osowa minda analowa m'mafamu, ndipo m'zaka zochepa ambiri mwa alimi achizungu oposa 4,000 anachotsedwa. Mu 2005 malamulo a dziko anasinthidwa kuti malo onse olandidwa akhale a boma ndipo makhoti asamve madandaulo okhudza kulandako. Zipupa zinali zomwezo, khonde lomwelo, msewu womwewo, koma wogula analibe choti agule ndipo banki inalibe choti igwire. Nyumba zina zinatengedwa ndi akuluakulu, zina zinazulidwa malata, mafelemu ndi mapaipi, zina pamodzi ndi mabalani zinasanduka makalasi a ana a alimi atsopano. Kunena izi si kukana kuti malo anayenera kugawidwa. Dziko limene linalandidwa ndi mfuti mu 1890 silikanakhala m'manja mwa anthu ochepa mpaka kalekale. Mfundo ndi yakuti mtengo wa nyumbazo unali utatsamira pa lamulo kuyambira pachiyambi, ndipo lamulo litasuntha unagwa.

Wina angatsutse kuti boma la Zimbabwe lenilenilo linavomereza kuti zokonza zili ndi mtengo wakewake. Malamulo a dziko a 2013 amati mlimi wolandidwa famu salipidwa nthaka koma alipidwe zimene anamangapo, ndipo mu July 2020 boma la Emmerson Mnangagwa linasainirana ndi oimira alimiwo pangano la madola a ku America 3.5 biliyoni. Ndalama zimenezi ndi zambiri, ndipo zikutsimikiza kuti mabalani, madamu ndi nyumba sizinali zachabe. Koma mtengo umenewu sunachokere pa msika. Unachokera pa tebulo la ndale, boma likufuna kukonza ubale wake ndi obwereketsa ndalama akunja. Masiku olipira anasunthidwa kangapo, ndipo zimene zinayamba kuperekedwa mu 2025 zinali kachigawo kochepa ka ndalama zenizeni, zotsalazo kukhala mapepala olonjeza kulipira m'tsogolo. Chopweteka koposa n'chakuti panganoli likutsata dzina limene linali pa chikalata cha umwini. Antchito a m'mafamu, amene analipo oposa 300,000 kulanda kusanayambe, mulibemo. Ochepa okha ndi amene analandira minda, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira ku Zimbabwe kwa makolo a ku Malawi akutchedwa alendo, mpaka malamulo a 2013 anawabwezera unzika. Munthu amene anaumba njerwa ya balani alibe gawo pa chipukuta misozi cha balaniyo.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba. Alimi atsopano analandira makalata a boma, zilolezo, kapena lizi ya zaka 99 imene mabanki anakana kuilandira ngati chikole, komabe anamanga. Fodya amene anatsika kuchoka pa makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni mu 2000 kufika pa 48 miliyoni mu 2008 anadzakweranso mpaka 296 miliyoni mu 2023, ndipo wambiri analimidwa ndi alimi ang'onoang'ono. Ofufuza monga Ian Scoones ndi anzake, amene atsata alimi a ku Mvurwi kwa zaka zambiri, aonetsa mabanja akumanga nyumba za njerwa ndi malata, kukumba zitsime, kuika sola ndi kugula mathirakitala, tawuni ya Mvurwi ikukulira limodzi nawo. Apa mpofunika kuvomera kuti phindu la nyumba si mtengo wogulitsira wokha. Denga losadontha limapindulitsa banja usiku uliwonse wa dzinja, kaya pali chikalata kaya palibe. Koma funso lathu ndi la mtengo, ndipo pamenepo umboni ukulozanso komweko. Fodyayo walimidwa kwambiri ndi ngongole za makampani ogula, amene chikole chawo ndi mbewu ya m'munda, osati nyumba kapena nthaka. Alimi ambiri amene apeza ndalama amakagula puloti m'tawuni, kumene nyumba ingagulitsidwe poyera. Boma nalonso linazindikira vutoli, ndipo mu December 2024 linayamba kupereka zikalata za umwini kwa olandira minda, ngakhale linaika malire pa anthu amene angagule malowo.

Nkhaniyi ikuchitikanso ku Mount Hampden, m'mafamu akale a kumpoto chakumadzulo kwa Harare. Dziko la China linamanga nyumba yatsopano ya malamulo pa phiri la kumeneko, misewu yopitako inakonzedwa msonkhano wa SADC wa August 2024 usanachitike, ndipo boma likufuna kumangako mzinda watsopano. Amalonda a malo akutsatsa mapuloti a m'deralo potchula nyumba ya malamuloyo. M'munsi mwa phirilo muli makomboni a anthu amene anagwira ntchito m'mafamu ndi m'makampani oumba njerwa, ambiri mwa iwo ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi ndi Mozambique, opanda mudzi wina ku Zimbabwe woti n'kubwererako. Kwa mwini puloti wokhala ndi chikalata, msewu watsopanowo wakweza chuma chake. Kwa iwo, wafulumizitsa nkhani ya kusamutsidwa, ndipo manda ena akale a m'deralo anafukulidwa kale kuti ntchito yomanga ipite patsogolo.