Kodi phungu amakhwima bwanji?

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1940, pa yunivesite ya Ohio State ku America, Carl Rogers ndi ophunzira ake anaika maikolofoni m'chipinda cha uphungu n'kumajambula zokambirana pa mbale za galamafoni, zomwe sizinkachedwa kudzaza. Aphungu atamvera mawu awo omwe, ena anagwira pakamwa. Munthu amene ankadziona ngati womvetsera anadzimva akudula mnzake mawu, akumuuza chochita, penanso akulalikira kumene. Mu 1942 Rogers anasindikiza m'buku zokambirana zonse ndi munthu mmodzi, yemwe anamubisa dzina n'kumutcha Herbert Bryan. Kuyambira pamenepo kaphunzitsidwe ka aphungu kanakhala chinthu choti n'kuchifufuza, ndipo mawu ambiri amene anthu a ntchitoyi amalankhula lero anabadwira m'kafukufuku ameneyu.

Chinthu choyamba chimene wophunzira amakumana nacho ndi kusiyana kwa uphungu ndi malangizo. Nkhoswe, namkungwi kapena mkulu wa mpingo amalangiza: njira amaidziwa ndi iyeyo, ndipo wolangizidwa amaweramitsa mutu n'kumva. Phungu wa m'kalasi amaphunzitsidwa kuyamba waugwira mtima. Mu 1957 Rogers analemba kuti munthu amasintha ngati phungu ali weniweni, wosadzipangitsa, ngati akumulandira munthuyo mmene alili popanda kumuweruza, komanso ngati akumva vutolo monga mwini wake akulimvera. Chachitatuchi, chomwe m'mabuku amachitcha empathy, ambiri amachisokoneza ndi chisoni. Mayi amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi kachilombo ka HIV akagwetsa misozi, wachisoni amati, "Pepani mayi, limbani mtima, masiku ano mankhwala alipo." Phungu amene wamvetsera bwino amatha kunena kuti, "Zikuoneka kuti chomwe chakuopsani kwambiri si matendawa ayi, koma mmene mukawauzire bambo kunyumba." Akalondola, mayiyo amadzutsa mutu, nkhani n'kuyambika.

Funso linali lakuti, kodi zimenezi n'zophunzitsika, kapena n'zobadwa nazo? Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 Allen Ivey anagawa ntchito ya phungu m'timaluso ting'onoting'ono, tomwe timatchedwa microskills. Wophunzira ankajambulidwa pa vidiyo kwa mphindi zisanu, n'kudzionera yekha, n'kuyeserera luso limodzi lokha, kenako n'kujambulidwanso. Apa m'pamene panatchuka funso lotseka ndi funso lotseguka. "Mankhwala mukumwa?" ndi lotseka, yankho lake ndi "eya" basi, ngakhale mabotolo ali odzaza pansi pa bedi. "Zikuyenda bwanji ndi mankhwala aja?" limamupatsa munthu mpata wonena kuti akumuchititsa chizungulire. Palinso kubwereza m'mawu ena zimene munthu wanena, kutchula dzina la zimene akumva mumtima, ndi kukhala chete, luso lomwe limawavuta kwambiri ophunzira atsopano chifukwa amaona ngati akangokhala duu ndiye kuti ntchito yawakanika.

Mu 1979 Edward Bordin anawonjezera mawu ena amene sasowa m'kafukufuku aliyense wa masiku ano: mgwirizano wa phungu ndi wothandizidwa. Iye anati uli ndi mbali zitatu, kugwirizana komwe akupita, kugwirizana zochita kuti akafikeko, ndi kukhulupirirana. Kafukufuku wochuluka wasonyeza kuti pomwe mgwirizanowu uli wolimba zotsatira zimakonda kukhala zabwino, kaya phungu akutsata njira yanji.

Tsono nkhani imafika povuta pa mawu amene aliyense amawakhulupirira, oti kukhalitsa pantchito. Anthu amayembekezera kuti phungu wa imvi amposa wongotuluka kumene ku koleji. Mu 2016 Simon Goldberg ndi anzake anafalitsa zomwe anapeza atatsata aphungu 170 ndi anthu 6,591 amene aphunguwo anawathandiza, ena mwa aphunguwo kwa zaka zoposa khumi. Ena ankapitadi patsogolo, koma kuwatenga onse pamodzi, zotsatira za ntchito yawo zinkatsika pang'ono zaka zikamapita. Kutsikako kunali kochepa zedi, ndipo palibe chifukwa chokukokomeza. Chodabwitsa n'chakuti kukwera komwe aliyense ankayembekezera sikunaoneke.

Eni akewo sadziona choncho. Pa kafukufuku wa Steven Walfish ndi anzake wa mu 2012, mwa akatswiri 129 amene anafunsidwa kuti adziyerekeze ndi anzawo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anadziika pansi pa mlingo wapakati, ndipo mmodzi mwa anayi aliwonse anadziika m'gulu la akatswiri khumi opambana pa 100 aliwonse. Kafukufuku wina, wa gulu la Michael Lambert ku Brigham Young University mu 2005, ndiye wowawa. Aphungu 48 anapemphedwa kulosera kuti mwa anthu 550 ndi ati amene zinthu ziwaipirebe ali pa uphungu. Onse pamodzi analoza anthu atatu. Amene zinawaipiradi anali 40, ndipo mwa atatu olozedwawo mmodzi yekha ndi amene anali m'gulumo. Chipepala cha mafunso chomwe anthuwo ankayankha asanalowe kwa phungu chinawazindikira ambiri a iwo. N'chifukwa chake m'ntchitoyi mwadzala mawu oti feedback, kutanthauza kumubwezera phungu uthenga wa mmene anthu ake akupezera mlungu ndi mlungu, osadikira kuti adziwe munthu atasiya kale kubwera.

Mawu ena akulu ndi supervision. Supavaiza wa phungu sakhala wowerenga kaundula kapena woona ngati munthu wafika pantchito nthawi yake. Ndi phungu mnzake wodziwa zambiri amene amakhala naye pansi n'kumaunika nkhani zomwe zamuvuta. Vuto lake analiulula Nicholas Ladany ndi anzake mu 1996: mwa ophunzira 108, pafupifupi onse, 97 pa 100 aliwonse, anavomera kuti pali zina zomwe anawabisira asupavaiza awo, kuphatikizapo zolakwitsa zawo. N'zomveka, pakuti munthu yemweyo amene ukumuuza zofooka zako ndi amenenso adzakupatse malikisi. Apa maikolofoni a Rogers aja ntchito yawo sinathe.

Nanga mawekishopu? William Miller ndi anzake ku University of New Mexico anayesa zimenezi mu 2004 ndi akatswiri 140 amene ankaphunzira njira yothandizira anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Amene anangokhala pa wekishopu ya masiku awiri n'kubwerera kwawo anaonetsa kusintha poyamba, koma patapita miyezi inayi zambiri zinali zitazilala. Amene anapitiriza kulandira ndemanga pa matepi awo kapena kuwongoleredwa pa foni ndi omwe analisunga lusolo. Aliyense amene anaonapo masatifiketi a mawekishopu atandandalikidwa pakhoma la ofesi angamve kuti nkhaniyi si ya ku America kokha. Zili ngati kuphunzira kupalasa njinga pa bolodi.

Kumaiko kumene akatswiri a maganizo ndi owerengeka, mawu otchuka ndi kugawana ntchito, kuphunzitsa anthu wamba kuti apereke chithandizo china chomwe kale chinali cha akatswiri okha. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ogwira ntchito zaumoyo m'madera amakhala pa benchi panja pa chipatala n'kumathandiza anthu a kufungisisa, komwe ndi kuganiza kwambiri m'Chishona. Pa kafukufuku wa mu 2016 wa anthu 573 m'zipatala 24, agogowo anaphunzitsidwa masiku 9 okha. Patatha miyezi 6, anthu pafupifupi 14 pa 100 aliwonse amene anakhalapo pa benchi anali akadali ndi zizindikiro za matenda okhumudwa, poyerekeza ndi pafupifupi 50 pa 100 mwa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Ambiri amangogwira za masiku 9 zija, n'kuiwala kuti agogowo anali ndi buku lowatsogolera komanso asupavaiza owatsata. Njirayi inayesedwanso m'zipatala za ma ARV ku Lilongwe.

Kuti wophunzira wotere aloledwe kukhala pa benchi, wina ayenera kuona ngati akuthadi. Ofufuza amasiyanitsa kutsatira buku ndi luso lenileni, poti munthu akhoza kudutsa masitepe onse a m'buku koma wothandizidwa n'kutuluka osamvedwa. Ku Nepal, Brandon Kohrt ndi anzake anakonza mu 2015 muyeso wotchedwa ENACT, womwe pambuyo pake unalowa m'pulogalamu ya EQUIP ya mabungwe a WHO ndi UNICEF. Mayeso ake ndi sewero. Wina amayerekeza kukhala wovutika maganizo, wophunzira amamuthandiza kwa mphindi zingapo, woyesa ali pambali ndi pepala. Malikisi otsikitsitsa sapita kwa woiwala luso, amapita kwa wochita zovulaza: kumuseka munthu, kumuimba mlandu pa vuto lake, kapena kumulonjeza chinsinsi chomwe sangachisunge. Pakati pa seweroli woyerekezayo amatha kuponya mawu onga oti, "Bola ndikanangofa." Woyesa amadikira kuona ngati wophunzirayo afunse mosapita m'mbali za maganizo ofuna kudzipha, kapena angoti "musamatero" n'kusintha nkhani.