Sukulu, Ng'oma ndi Khutu la Mwana wa ku Salima

Mwana wa m'mbali mwa nyanja ku Salima amakulira m'nyimbo zamitundumitundu: beni ndi sikiri wa Ayao, gule wamkulu ndi chimtali cha Achewa, makwaya a m'matchalitchi, nyimbo za asodzi pokoka khoka. Komabe kwa zaka zoposa 130 sukulu yakhala ikumuphunzitsa kuimba motsatira aphunzitsi, osati kumvetsera ndi kufunsa za zimene wamva.

Sukulu isanabwere, khutu linkasulidwa pabwalo. Mnyamata wofuna ng'oma ankayamba wakhala pambali, kuonerera akuluakulu akuwamba mbalule pamoto ndi kuimata phula kuti ilire bwino, mpaka atazindikira yekha kuti mbalule ndiyo imatsata mapazi a wovina pamene ng'oma zinzake zikusunga mayendedwe a nyimbo. Amishoni a Dutch Reformed, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, atakhazikika ku Mvera mu 1889, sukulu zawo za m'midzi zinatsikira mpaka kuchigwa cha kunyanja. M'sukulu za mishoni ana anaphunzira tonic sol-fa, do-re-mi uja, ndi kuimba m'mawu anayi. Tisanyoze mphatsoyi, pakuti makwaya ambiri akuidyerera mpaka lero. Koma ng'oma inatsala kunja ngati chinthu chachikunja, ndipo mwana anaphunzira kuti zimene amamva usiku kumudzi si zoti n'kuzitchula m'kalasi. Hugh Tracey atajambula nyimbo za ku Nyasaland mu 1950 ndi 1958, zojambulazo zinakasungidwa ku South Africa, kutali ndi ana a eni nyimbo.

Ufulu wa 1964 unabweza ng'oma pasukulu, koma inabwera ndi ntchito yotamanda. Ana ankakonzekera magule a pa 14 May ndi pa 6 July, nyimbo zamakolo zitavekedwa mawu otama Kamuzu, ndipo kufunsa tanthauzo sikunali kwanzeru masiku amenewo. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ophunzira anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, nyimbo n'kusanduka chida chokhazikira chete kalasi yodzaza ndi choloweza zilembo. Pulogalamu ya pawailesi ya Tikwere, yomwe inayamba mu 2008, inagwiritsanso nyimbo pophunzitsa kuwerenga ndi masamu. Silabasi ya 2007 inaphatikiza nyimbo, magule, zisudzo, masewero ndi zojambula m'phunziro limodzi la Expressive Arts, ndipo pamayeso a Sitandade 8 mwana amayankha za ng'oma papepala, ng'omayo osaimva. Nyengo iliyonse yasenzetsa nyimbo katundu wina: uthenga wabwino, ndale, zilembo, mayeso.

Ena adzati sukulu yopanda madesiki, ya ana 100 pansi pa mtengo, ingazitenge kuti zida zoimbira? Koma kumvetsera ndiko kotsika mtengo kuposa zonse. Foni imodzi ya aphunzitsi ikwanira. Ana amve nyimbo ya beni kawiri, kenaka anene ng'oma yoyamba kulowa, amene akutsogolera ndi amene akuvomera, ndi chifukwa chimene wezulo ikulirira pamalo pamenepo. Funso lomalizali liwafikitsa ku perete wa asilikali a King's African Rifles amene beni anatengera, ndipo mbiri yalowa m'kalasi popanda buku. Ngakhale nyimbo zimene ana a ku Senga Bay amazimvera kunja kwa mpanda pa Sand Music Festival zingafunsidwe mafunso omwewa Lolemba m'mawa.

Chitsutso cholemera ndi cha chipembedzo. Kholo lachisilamu kapena la CCAP silingakondwe kumva kuti mwana wake akuphunzira za gule, ndipo eni gule nawonso safuna kuti za kudambwe zizikambidwa ndi osameta. Onse ali ndi mfundo, ndipo mphunzitsi wovinitsa ana mokakamiza amalakwa. Koma kumvetsera si kulowa chinamwali. Kulira kwa ng'oma pabwalo n'kwa aliyense, ndipo UNESCO inazindikira gule wamkulu mu 2005 ngati chuma cha anthu onse. Ku Mua, pamsewu wopita ku Balaka, Bambo Claude Boucher anatsegula Kungoni mu 1976 pamishoni ya Akatolika, ndipo zigoba za gule zimaonetsedwa ndi kufotokozedwa pafupi ndi tchalitchi chomwe ansembe ake akale ankalimbana ndi nyau.