Mbiri Ziŵiri: Za Mtsutso wa Pulezidenti Woipitsitsa mu Africa

M'cinenero cathu mau akuti "mbiri" amasenza akatundu aŵiri. Tikati "mbiri ya dziko la Uganda" titanthauza zimene zinacitika m'dzikomo, monga momwe ofufuza azilondolozera. Koma tikati "munthu uja ali ndi mbiri" titanthauza kuti dzina lake lamveka kutali, kaya zonenedwazo ndi zoona kaya ndi zothira mcere. Kusakanizika kwa matanthauzo aŵiriŵa ndiko tifuna kukuunika pano, mwa kutsata mtsutso umene umabuka kaŵirikaŵiri pakati pa ophunzira ndi aphunzitsi omwe: kodi mwa mapulezidenti amene alamulira maiko a mu Africa cilandirire ufulu, woipitsitsa anali yani?

Funsoli likafunsidwa yankho silicedwa, ndipo nthaŵi zambiri limakhala limodzi: Idi Amin. Ife tiganiza kuti yankho limeneli limacokera ku mbiri ya kuchuka, ndi kuti mbiri ya zocitika ikaitanidwa kudzapereka umboni, mlandu umayenda njira ina.

Caka ca 1979 ndi poyambira pabwino, pakuti m'caka comweco olamulira atatu ankhanza anagwa motsatizana. Amin anathaŵa mu Kampala mu April. Francisco Macías Nguema wa ku Equatorial Guinea anacotsedwa mu August. Ndipo Jean-Bédel Bokassa, amene anali atadzilonga ufumu ku Bangui mu December 1977, anagwetsedwa ndi asilikali a France mu September. Za Bokassa sitinenapo zambiri. Kuphedwa kwa ana a sukulu pafupifupi 100 mu April 1979, pa nkhani imene inayambira pa mayunifolomu odula, ndi mlandu wosaiŵalika, ndipo bwalo la milandu la m'dziko lake linamuweruza mu 1987. Otsala aŵiriwo ndiwo ayenera kuikidwa pa sikelo.

Sitifuna kucepetsa zimene Amin anacita. Analanda boma pa 25 January 1971, Milton Obote ali ku msonkhano wa Commonwealth ku Singapore. M'miyezi yotsatira asilikali a mitundu ya Acholi ndi Langi, amene iye anawaganizira kuti ali kumbali ya Obote, anaphedwa m'misasa yao. Mu August 1972 anapatsa Amwenye masiku 90 kuti acoke m'dziko, ndipo masitolo ndi mafakitale ao anagaŵidwa kwa anthu amene ambiri a iwo sanadziŵe kuwayendetsa. Mwezi wotsatira Woweruza Wamkulu, Benedicto Kiwanuka, anatengedwa ku khoti dzuŵa likuswa mtengo, osaonekanso. Mu February 1977 Bishopu Wamkulu wa mpingo wa Anglican, Janani Luwum, anaphedwa pamodzi ndi nduna ziŵiri, boma ndi kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Bungwe la International Commission of Jurists linati ophedwa sanacepere 80,000 ndipo mwina anafika 300,000. Ena amakweza ciŵerengeroco kufika 500,000. Izi zinacitika m'dziko la anthu oposa mamiliyoni 10, m'zaka zisanu ndi zitatu.

Komabe tiyenera kufunsa cimene cinapangitsa dzina limeneli kuyenda mtunda wautali cotere. Amin anali kukonda atolankhani, ndipo iwonso anali kumukonda. Anali kulankhula Cingelezi pamaso pa makamera, kutumiza mauthenga acipongwe kwa atsogoleri a maiko akulu, ndi kudzipatsa maina aulemu otalika, kuphatikizapo lakuti anagonjetsa ufumu wa Britain. Amwenye amene anawathamangitsa anakafika ku Britain ndi ku Canada, kumene anasimba nkhani yao kwa manyuzipepala okhala ndi oŵerenga ambiri. Nkhani ya ndege yobedwa imene asilikali a Israel anakapulumutsamo anthu ku Entebbe mu July 1976 inamuikanso pa tsamba loyamba, ndipo ngakhale atafa ku Jeddah mu 2003, filimu ya mu 2006 inaukitsa dzina lake kwa mbadwo watsopano. Amin anali wankhanza wokhala ndi oonerera, ndipo kwa azungu ambiri anali cithunzi cimene anali nacho kale m'mutu ca mtsogoleri wakuda.

Pano ife a mu Zambia tiyenera kulankhula modzicepetsa. Timanyadira, ndipo moyenera, kuti pamene bungwe la OAU linakasonkhana ku Kampala mu 1975 ndi kuika Amin pa mpando, Kenneth Kaunda anakana kupitako, monganso Julius Nyerere ndi Seretse Khama. Koma Obote atabwerera pa ulamuliro mu December 1980, pa masankho amene ambiri anawakana, asilikali ake anasesa midzi ya ku Luwero pomenyana ndi gulu la Yoweri Museveni, ndipo oŵerengera amaika imfa za m'zaka zimenezo pakati pa 100,000 ndi 300,000. Atagwetsedwanso mu July 1985, Obote anabwera ku Lusaka, nakhala pakati pathu zaka 20 mpaka anakamwalirira ku cipatala ku Johannesburg mu 2005. Sitikunena kuti iye anaposa Amin. Tikungoona kuti m'dziko limodzi, ziŵerengero zosatalikirana kwenikweni zinapatsa wina dzina la cilombo, pamene wina anakumbukiridwa ndi ambiri monga nkhalamba ya suti imene inali ndi mabwenzi abwino. Cimodzimodzinso Michel Micombero wa ku Burundi, amene mu ulamuliro wake Ahutu osacepera 100,000 anaphedwa m'miyezi yocepa ya 1972, makamaka ophunzira: ndi angati a ife amene amachula dzina lake mtsutsowu ukayamba?

Tsono tiyeni ku Equatorial Guinea, kadziko kamene ambiri sangakaloze pa mapu. Kali ndi cigawo ca kumtunda pakati pa Cameroon ndi Gabon, ndi cisumbu cimene kale cinali kuchedwa Fernando Po, kumene kuli likulu lakale la Malabo. Pamene kanalandira ufulu kucokera ku Spain pa 12 October 1968 kanali ndi anthu pafupifupi 300,000, ndipo koko wa pa cisumbupo anali kuyamikiridwa pa misika ya kunja. Macías sanaloŵe ndi mfuti. Anasankhidwa ndi voti, cinthu cimene ciyenera kutidetsa nkhaŵa kuposa nkhani ya Amin. Pasanathe caka anali atayamba kupha anzake a ndale amene analimbana nao pa masankho. Mu 1972 anadzipanga pulezidenti wa moyo wonse, ndipo mu 1973 anacha cisumbu cija dzina lake.

Cimene cimasiyanitsa Macías ndi ankhanza ena ndi cakuti iye sanalimbane ndi adani ake okha. Analimbana ndi zonse zimene zimaimika dziko. Anadana ndi munthu wophunzira kotero kuti analetsa ngakhale liu la Cisipanishi lotanthauza munthu wotero, nkhani imene ife ophunzira zinenero sitingaipitirire osaima. Wolamulira amene aletsa liu amakhala atatsimikiza kale za amene liulo limawachula, ndipo aphunzitsi, akalaliki ndi nduna zake zomwe anaphedwa kapena kuthaŵa. Masukulu a mishoni anatsekedwa, ndipo pofika 1978 mpingo wa Katolika, wa anthu oculuka m'dzikomo, unali utaletsedwa, iye atalamula kale kuti dzina lake lizichulidwa m'mapemphero. Poopa kuti anthu athaŵa pa nyanja analetsa mabwato, ndipo anthu a pa cisumbu anasoŵa nsomba nyanja ili pakhomo. Anchito a ku Nigeria amene anali kulima koko anacotsedwa ndi boma lao mu 1976 cifukwa ca nkhanza, ndipo Macías anawaloŵetsa m'malo ndi anthu ake ogwidwa mokakamiza. Ndalama za boma anazitenga ndi kukazisunga kumudzi kwao m'dera la Mongomo. Likulu linakhala nthaŵi zazitali lopanda magetsi.

Oŵerengera ambiri amaika ophedwa pakati pa 20,000 ndi 50,000, ndipo amati pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse anathaŵira ku Gabon, Cameroon kapena Spain. Ciŵerengero ca ophedwaco cimaoneka cocepa pafupi ndi ca Uganda, koma mbuzi khumi zikafa m'khola la mbuzi zana, ndi zina khumi m'khola la mbuzi makumi atatu, eni makolawo salira mofanana. Tikatenga ziŵerengero zapamwamba, Uganda anataya mmodzi mwa anthu 20 kapena kuposerapo. Equatorial Guinea anataya mmodzi mwa asanu ndi mmodzi. Ndiponso Uganda, ngakhale anavulala, anatuluka mu 1979 akali ndi Makerere, mipingo, ndi anthu ophunzira amene anatha kubwerera kudzayambanso. Equatorial Guinea anatuluka wopanda comangirapo.

Nanga ndi cifukwa ninji sitinamve? Dzikolo ndi laling'ono ndipo limalankhula Cisipanishi, cinenero cimene manyuzipepala a ku London ndi a kuno kwathu sanali kucitsata. Macías anatseka malire kwa atolankhani, ndipo boma la Franco ku Spain linaletsa manyuzipepala ake kulemba za dzikolo, ciletso cimene cinacotsedwa mu 1976. Ambiri mwa othaŵa kwao anali anthu osauka. Wankhanza amene anafuna kuonedwa anaonedwa. Amene anafuna mdima anaupeza.

Pali anzathu amene amakana maina onse aŵiriŵa, nati woipitsitsa ndi Mobutu Sese Seko, ndipo mfundo yao ndi yolemera kotero kuti sitingaikankhire pambali. Iwo amati cinenero cathu cimasiyanitsa nkhanza ndi dyera, ndi kuti mtsutsowu umakondera poŵerenga mitembo ya nkhanza yokha, cifukwa imaoneka, ndi kusiya ya dyera imene imagwa mwakacetecete m'zipatala zopanda mankhwala. Mobutu nayenso anapha: mu June 1966 anapacika poyera nduna zakale zinai, kuphatikizapo Évariste Kimba, pamaso pa khamu la anthu ku Kinshasa. Koma cida cake cacikulu cinali ndalama. Analamulira kuyambira mu November 1965 mpaka May 1997. Mu November 1973 analanda minda ndi mabizinesi a alendo ndi kuwagaŵira omutsatira, ndipo mtengo wa mkuwa utagwa caka cotsatira, cuma ca dziko sicinadzukenso. Erwin Blumenthal, amene bungwe la IMF linamutumiza ku banki yaikulu ya dzikolo mu 1978, anacoka pasanathe zaka ziŵiri, nalemba pambuyo pake kuti okongoza asayembekezere kuona ndalama zao. Pamene Mobutu anali kumanga nyumba zacifumu ku Gbadolite, ndi bwalo la ndege lokwanira Concorde, kampani ya migodi ya Gécamines inatsika kucoka pa matani a mkuwa oposa 400,000 pa caka m'ma 1980 kufika pa osakwana 50,000 mu 1994. Asilikali osalipidwa anafunkha mizinda mu 1991 ndi 1993. Aliyense amene m'zaka zimenezo anayenda pa mseu wa Pedicle kucoka ku Mufulira kupita ku Mansa, kudutsa m'dziko la Zaire, anaona ndi maso ake tanthauzo la boma limene lasiya kulipira anchito ake ndi kuwauza kuti adzionere okha.

Tivomereza kuti ciswe cimagwetsa nyumba monga momwe moto umacitira, ndi kuti nyumba ya Mobutu inali yaikulu koposa. Koma pali zinthu ziŵiri zimene zimatiletsa kumuika pamwamba pa Macías. Coyamba, amene amamuŵerengera imfa za nkhondo zimene zinatsatira kugwa kwake, zimene bungwe la International Rescue Committee linaziika pa mamiliyoni 5.4 pakati pa 1998 ndi 2007 (ciŵerengero cimene ofufuza ena anacitsutsa), amamusenzetsa mlandu wa anthu enanso: magulu a nkhondo a maiko oyandikana, zigaŵenga za m'dzikomo, ndi ogula miyala ya mtengo wapatali. Mobutu anasiya citseko covunda, koma amene anacithyola ali ndi maina ao. Caciŵiri, iye sanaime yekha. Pamene zigaŵenga zinaloŵa m'cigawo ca Shaba mu 1977 anapulumutsidwa ndi asilikali a Morocco, ndipo mu 1978 ndi a France ndi Belgium ku Kolwezi; America inamulandira monga bwenzi mpaka Nkhondo ya Mau itatha. Izi sizimuyeretsa, koma zitanthauza kuti pa bwalo la mlandu wake pafunika mipando yambiri. Macías anali ndi omuthandiza ake akunja, makamaka Soviet Union, Cuba ndi China, koma kutseka masukulu, kuletsa mabwato ndi kupha nduna zake sizinali zofuna za wina aliyense koma iye mwini, ndipo anazitsiriza m'zaka 11 zokha.

Pa 3 August 1979 Macías anagwetsedwa ndi mbale wake, Teodoro Obiang Nguema Mbasogo. Anathaŵira m'nkhalango, anagwidwa, ndipo mlandu wake unazengedwa m'nyumba ya kanema ku Malabo. Anaomberedwa pa 29 September ndi asilikali a ku Morocco, popeza, monga zimanenedwera, asilikali a m'dzikomo anaopa mankhwala ake. Cisumbu cija cinapatsidwa dzina lakuti Bioko. Obiang, amene m'masiku a Macías anali mkulu wa asilikali pa cisumbupo ndi woyang'anira ndende ya Black Beach, kumene ambiri anafera, sanaime pa mlanduwo monga woimbidwa. Anakhala pulezidenti, ndipo pofika 2024 anali atalamulira zaka 45.