Masewera Oti Ukafa Wafa

Mu 1980, ophunzira awiri a pa University of California ku Santa Cruz, Michael Toy ndi Glenn Wichman, anapanga masewera a pa kompyuta otchedwa Rogue. Munalibe zithunzi. Wosewera anali chizindikiro cha @, zilombo zinali zilembo, ndipo mapanga ankasintha nthawi iliyonse ukayamba. Lamulo lake linali lowawa: ukafa wafa, uyambirenso pachiyambi.

Rogue anabala NetHack mu 1987. Kenaka kunabwera Spelunky mu 2008, momwe kudumpha ndi liwiro zinalowa. Dead Cells, ya kampani ya Motion Twin ku Bordeaux, inatuluka mu 2018 n'kufika pa iPhone mu 2019.

Ine Dead Cells ndimaikonda chifukwa mwambo wakale uja ukadalimo. Mphamvu zilipo zamitundu itatu, yofiira, yapepo ndi yobiriwira; wanzeru amasankha umodzi n'kuukulitsa, osamwazamwaza. Botolo la mankhwala amalisungira mdani wamkulu. Amene wafa ali ndi ma cells (mphotho zimene amatola akapha adani) m'manja amawataya onse. N'chifukwa chake chala chimanjenjemera pa foni, ndipo chachikulu chimene munthu amatsala nacho akafa ndi luso limene waphunzira.