Chimanga, ufa ndi mavoti ku Lundazi

Adzukulu anga, inu mwakula mukuona zipani zambirimbiri, chilichonse ndi chitenje chake. Ife kuyambira mu Disembala 1972 tinali ndi chimodzi chokha, UNIP. Ofuna uphungu ankalimbana okhaokha m'chipanimo, koma pa mpando wa pulezidenti a Kaunda ankaima okha. Pa pepala lovotera panali chiombankhanga cha "inde", ndipo zaka zina kumbali ya "ayi" ankaikako chule. Nanga munthu wamkulu n'kukasankha chule?

Komabe chimene chinatimangirira ku UNIP kuno ku Lundazi chinali chimanga. Boma linakhazikitsa bungwe logula mbewu la NAMBOARD mu 1969, kenako linalamula kuti thumba la chimanga ligulidwe pa mtengo umodzi dziko lonse. Mlimi wa kwa Mwase kapena kwa Magodi ankalandira ndalama zofanana ndi wa ku Mazabuka, amene njanji imadutsa pakhomo pake. Zonyamulira chimanga kudzera ku Chipata mpaka ku Lusaka linkalipira ndi boma, feteleza nayenso anali wotsika mtengo. Ambiri anachepetsa minda ya mtedza wa Chalimbana ndi mawere. Mukanaona pa depoti nthawi yokolola! Ngolo zili ndondondo, kalaliki ali pa sikelo, matumba a makilogalamu 90 ataunjikidwa pa mitengo n'kufunditsidwa tenti, aliyense atapinda lisiti yake m'thumba la malaya. Malole akachedwa mvula n'kuyamba, matumba apansi ankamera.

Musaganize kuti zonsezi zinali chifukwa chotikonda. Boma linkaopa anthu a m'migodi ndi a m'tauni, amene anali ndi bungwe lawo la antchito, ZCTU, ndipo ankafuna ufa wotchipa. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zotchipitsira ufawo zinayamba kuchokera ku ngongole. Mu Disembala 1986 boma linakweza mtengo wa ufa monga obwereketsa ndalama a IMF ankafunira. Ku Copperbelt kunabuka zipolowe, anthu anafa, a Kaunda n'kubweza mtengo. Ife tikadandaula za mtengo wa thumba, ankatimva ndani? NAMBOARD inathetsedwa mu 1989, ndipo mu Juni 1990 ufa utakweranso, moto unayaka ku Lusaka.

Pa 31 Okutobala 1991 a Frederick Chiluba, mtsogoleri wa ZCTU yomwe ija, anapambana chisankho cha zipani zambiri ndi chipani cha MMD. Pa mipando 150 ya aphungu UNIP inangotola 25, ndipo 19 mwa iyo inali ya kuno kum'mawa, chigawo chonse osasiyako ndi umodzi womwe. Tinkadziwa chimene tinkateteza. Chilala cha 1992 chinatidyetsa nsima yachikasu, feteleza anakwera, msika unasiyidwa m'manja mwa amalonda. Wogula ankabwera ndi sikelo yake ndi mtengo wake, iwe ukakana n'kupita kwa mnzako.

Andale anadzazindikira okha kuti alimi ndiwo ambiri pa mzere wovota. Bungwe losunga chakudya la FRA linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995, a Levy Mwanawasa anabweretsanso feteleza wotchipa mu 2002, ndipo mu 2009 a Rupiah Banda anatcha ndondomekoyi FISP, n'kuchepetsa matumba kuchoka pa 8 kufika pa 4 kuti ofikiridwa achuluke. Mu 2011 a Michael Sata anagwetsa MMD, koma kum'mawa kuno mavoti ambiri anapita kwa a Banda a MMD. Ena amati n'chifukwa anali mwana wakwathu. Ine ndimati ndi matumba 4 aja.